Tsamba langa lapita kuti? Zomwe zimachitika malo aulere osungira mawebusaiti akatsekedwa

M'mwezi wa Malichi 2024 kampani ya Google idazimitsa masamba a pa intaneti amene eni mabizinesi ang'onoang'ono ankapanga mwaulere kudzera mu Google Business Profile, aja adiresi yake inkathera ndi business.site. Mpaka pa 10 Juni chaka chomwecho, munthu akalemba adiresi yakaleyo ankamulozera ku mbiri ya bizinesiyo pa Google. Tsikulo litadutsa, chimene chinkatuluka ndi uthenga wakuti tsambalo kulibe. M'chaka chomwechonso 000webhost, komwe achinyamata ambiri ophunzira za makompyuta ankayesererako kupanga mawebusaiti osatulutsa ngakhale tambala, idatsekedwa ndi eni ake, kampani ya Hostinger.

Zoterezi zikachitika, mafunso amakhala omwewomwewo. Tiyerekeze mwini loji ku Katoto amene adalembetsa adiresi ya tsamba lake pa chikwangwani, kapena mlembi wa kwaya ku Zolozolo amene ankaikapo mbiri ya gulu ndi zithunzi za maulendo, kapenanso wophunzira wa ku Mzuzu University (Mzuni) amene ntchito yake ya chaka chomaliza idali pomwepo. Onsewa amafuna kudziwa ngati zinthu zawo zikadalipo penapake, komanso ngati kampaniyo idali ndi ufulu wozifufuta. Chimene chimasokoneza n'chakuti webusaiti timaiona ngati chinthu chimodzi, pomwe ndi zinthu zitatu: mafayilo, malo amene mafayilowo akukhala, ndi dzina limene anthu amalemba kuti awapeze. Chilichonse mwa zitatuzi chitha kukhala ndi mwini wake wosiyana.

Malo: seva ndi hosting

Tsamba la pa intaneti ndi mafayilo basi. Muli zolemba, zithunzi, mwina mavidiyo, ndi malangizo ouza foni kapena kompyuta mmene izisanjire zonsezi. Mafayilowa ayenera kukhala pa kompyuta ina yake imene simazima usana ndi usiku ndipo ndi yolumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Kompyuta imeneyi ndiye seva. Mukatsegula tsamba muli ku Chibavi, foni yanu imatumiza pempho kudzera pa netiweki ya Airtel kapena TNM, pempholo limadutsa m'zingwe mpaka kukafika m'chinyumba chodzaza maseva, mwina ku Johannesburg, ku Frankfurt kapena ku Virginia, ndipo seva imakutumizirani kope la tsambalo. Ntchito yosungira anthu mafayilo awo pa seva imatchedwa hosting.

Webusaiti yoyamba padziko lonse idaonekera kwa anthu mu 1991. Idali pa kompyuta ya Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo pa kompyutayo padamatidwa kapepala kochenjeza kuti wina asaizimitse chifukwa ndi seva. Kuyambira nthawi imeneyo makina akula kwambiri, koma chenjezo la pa kapepalako silidasinthe. Seva ikazima, tsamba lasowa.

Kuyendetsa maseva kumadya ndalama. Pamafunika magetsi osaduka, makina oziziritsa chipinda, kusintha ma hard disk akatha, kulipira zingwe za intaneti, ndi kulipira akatswiri olimbana ndi akuba amene amathyola masamba. Hosting yolipira tingaifanizire ndi kuchita lendi nyumba ku Chibanja: pali pangano, mumalipira pa mwezi, ndipo landilodi ali ndi chifukwa chokusungani. Hosting yaulere ili ngati munthu wakulolani kukhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake osalipira. Mphasa ndi mapoto ndi zanu ndithu, koma poloti ndi yake, ndipo tsiku limene waganiza zogulitsa kapena kugwetsa kanyumbako, mulibe pogwira.

Nanga zaulerezo amalipira ndani?

Kampani ikamapereka malo mwaulere imakhala ikuyembekeza kupeza phindu mwa njira ina. Ina imaika zotsatsa malonda pa tsamba lanu. Ina imadikira kuti mwa anthu ambirimbiri aulerewo, ochepa adzafune malo okulirapo n'kuyamba kulipira. Ina imangofuna kuti muzolowere zinthu zake. Masamu amenewa akasiya kutuluka, ntchitoyo imatsekedwa, ngakhale kampani yeniyeniyo ikhale ndi ndalama zankhaninkhani.

Nkhani imene aliyense amayambira pofotokoza zimenezi ndi ya GeoCities. Idayambitsidwa mu 1994 ku California ndi David Bohnett ndi John Rezner, ndipo idali imodzi mwa malo oyamba kulola munthu wamba kukhala ndi tsamba lake osalipira. Masamba ankawagawa m'midzi malinga ndi nkhani yake: okonda mafilimu ankapita ku Hollywood, a zachuma ku WallStreet, a zamaphunziro ku Athens, ndipo aliyense ankapatsidwa nambala ngati ya nyumba. Masamba ake ambiri adali osaoneka bwino, odzaza zilembo zothwanima ndi tizithunzi tovina. Koma mmenemo ndi mmene munkapezeka ndakatulo za anthu osadziwika, mibadwo ya mabanja, malangizo a odwala kwa odwala anzawo, ndi masamba okumbukira omwalira.

Mu 1999 Yahoo idagula GeoCities pa mtengo wa madola pafupifupi 3.57 biliyoni, polipira ndi masheya. Nthawi imeneyo GeoCities idali pa nambala yachitatu mwa mawebusaiti otsegulidwa kwambiri. Chaka chomwecho Yahoo idasintha mawu a m'pangano mwa njira imene eni masamba adaona kuti ikuwalanda zolemba zawo, anthu adakwiya, ndipo kampaniyo idabweza ena mwa mawuwo. Zaka khumi zitadutsa, anthu adali atasamukira ku MySpace, Facebook ndi mabulogu. Mu Epulo 2009 Yahoo idalengeza kuti itseka, ndipo pa 26 Okutobala 2009 idazimitsadi masamba osachepera 38 miliyoni. Nthambi ya ku Japan yokha ndiyo idapitirira mpaka pa 31 Malichi 2019. Chodabwitsa n'chakuti munthu waulere pa GeoCities ankaloledwa malo a 15 MB okha, omwe lero angadzaze ndi zithunzi zochepa za pa foni. Kusunga zonsezo sikudali kosatheka. Kampani idangoona kuti palibe chimene ipindule nazo.

Mndandanda wa ena ndi wautali. AOL Hometown idatsekedwa mu Okutobala 2008, Posterous mu 2013 patangotha chaka Twitter itaigula, Google+ mu Epulo 2019, ndipo Heroku, imene opanga mapulogalamu ankaikonda, idathetsa gawo lake laulere mu Novembala 2022.

Si nthawi zonse pamene pamakhala kutseka kwenikweni. Flickr, malo osungirako zithunzi pa intaneti, mu 2019 idachepetsa zithunzi za munthu waulere kufika pa 1,000. Google, kuyambira Disembala 2023, ili ndi lamulo loti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito itha kufufutidwa. Ndipo pali ngozi chabe: mu Malichi 2019 MySpace idavomera kuti nyimbo zimene anthu adaika kuyambira 2003 mpaka 2015 zidawonongeka posamutsa maseva, nyimbo zokwana pafupifupi 50 miliyoni.

Apa tisapupulume kunena kuti chaulere chilichonse n'chosadalirika ndipo cholipira n'chokhalitsa. Blogger idayamba mu 1999, Google idaigula mu 2003, ndipo mabulogu amene anthu adasiya kulemba kalekale akutsegukabe mpaka lero popanda wolipira. Pomwe webusaiti yolipira imatha kufa patangopita masabata ochepa mwini wake atalephera kulipira.

Dzina: domain

Maseva amadziwana ndi manambala, anthufe timakumbukira mayina. Dongosolo lolumikiza ziwirizi limatchedwa DNS ndipo lidakonzedwa mu 1983 ndi Paul Mockapetris. Dzina limene mumalemba kuti mufike pa tsamba ndiye domain. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri zothera; zathu ndi .mw, ndipo kaundula wake wakhala akuyendetsedwa ndi bungwe lotchedwa Malawi SDNP ku Blantyre.

Kusiyana kumene anthu ambiri sakuona ndi uku. Mukatenga malo aulere, dzina limene mumapatsidwa limakhala lopachikidwa pa dzina la kampaniyo, monga dzinalanu.blogspot.com kapena dzinalanu.wordpress.com. Mbali ya kumapetoyo si yanu, ndipo simungasamuke nayo. Mukakhala ndi domain yanuyanu, kampani ya hosting ikatseka mumangonyamula mafayilo kupita nawo kwina n'kulozera dzinalo ku seva yatsopano. Makasitomala sadziwa n'komwe kuti mwasamuka. Wa m'kanyumba ka kuseri uja akachotsedwa amataya ndi keyala yomwe: chikwangwani, makadi, timapepala togawa, maulalo amene ena adaika pa masamba awo, ndi malo amene tsambalo lidafika pa zotsatira za Google, zonse zimaloza kopanda kanthu.

Komabe domain sigulidwa kwamuyaya. Imabwerekedwa pa chaka, ndipo mukapanda kuonjezera nthawi, pakapita kanthawi wina aliyense atha kuitenga. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kudikira mayina otha nthawi kuti aikepo zotsatsa juga kapena akugulitseni dzina lanu lomwe pa mtengo wokwera.

Kudalinso madomain aulere. Kampani ya Freenom ya ku Netherlands inkagawa mayina othera ndi .tk, .ml, .ga, .cf ndi .gq, omwe kwenikweni ndi a Tokelau, Mali, Gabon, Central African Republic ndi Equatorial Guinea. Tokelau ndi tizilumba ta m'nyanja ya Pacific tokhala anthu osakwana 2,000, koma .tk idafika pokhala imodzi mwa mayina a mayiko olembetsedwa kwambiri padziko lonse. Poti adali aulere, akuba a pa intaneti adawakondanso. Mu 2023 Meta, eni ake a Facebook, idasumira Freenom, kulembetsa mayina atsopano kudaima, Mali ndi Gabon adatenganso mayina awo, ndipo mu 2024 Freenom idalengeza kuti ikusiya bizinesiyi. Amene adamanga webusaiti pa hosting yaulere ndi domain yaulere adali pa chiopsezo chotaya mbali zonse ziwiri.

Wina anganene kuti bwanji osangolipira. Kwa munthu wa kuno funso limeneli si lopepuka. Makampani ambiri akunja amafuna madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse cholipira m'madola udakwera usiku umodzi. Alipo makampani a m'dziko muno olandira makwacha, koma nawonso ambiri amachita lendi maseva kunja. Kusankha chaulere nthawi zambiri sikukhala ulesi.

Pangano lija timangodina

Polembetsa, aliyense amadina kabokosi kovomera malamulo a kampani, ndipo owerenga malamulowo ndi ochepa. Kawirikawiri mumakhala mfundo ziwiri zimene zimaoneka ngati zotsutsana koma sizitsutsana. Yoyamba imati zolemba ndi zithunzi zanu ndi zanu. Yachiwiri imati kampani itha kusintha kapena kuthetsa ntchitoyo nthawi iliyonse ndipo siidzalipira chipukuta misozi zinthu zikatayika. Umwini wa zimene mudalemba, umene kuno umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, umaletsa ena kukuberani ntchito yanu. Sukakamiza munthu kukusungirani.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani iyi ng'oma nthawi zambiri imaimbidwa ndithu. Potseka GeoCities, Yahoo idapereka miyezi isanu ndi umodzi. Vuto ndi kumene uthengawo umafikira. Masamba ambiri a mipingo, masukulu ndi mabungwe ang'onoang'ono amapangidwa ndi munthu mmodzi wodziwa kompyuta, mwina mwana wa m'bale, mwina mnyamata wa pa kafe, mwina mzungu wongodzipereka amene adakhala miyezi ingapo n'kubwerera kwawo. Akaunti idatsegulidwa ndi imelo yake komanso nambala yake ya foni. Iye adapita ku Joni, simu khadi ija idafa, pasiwedi palibe akuikumbukira. Chenjezo limafika mu imelo imene palibe amaitsegula, ndipo eni tsamba amadzazindikira wina akawafunsa kuti bwanji webusaiti yanu sikutseguka. Pa zonse zimene zafotokozedwa muno, ichi ndicho chimene ndimaona kuti chili m'manja mwa eni tsamba kwambiri kuposa china chilichonse.

Zimene zingapulumuke

Pali bungwe la ku San Francisco lotchedwa Internet Archive, limene Brewster Kahle adayambitsa mu 1996. Makina ake amayendayenda pa intaneti n'kumajambula makope a masamba, ndipo kuyambira 2001 aliyense atha kuona makopewo kudzera pa Wayback Machine. Mumapita pa web.archive.org, n'kulemba adiresi yakale ya tsamba lanu, ndipo ngati lidajambulidwapo mumaona kalendala yoonetsa masiku ake. Palinso gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Archive Team, limene Jason Scott adayambitsa mu 2009 atakwiya ndi kutsekedwa kwa AOL Hometown. Gululi lidathamangira kukopera GeoCities isanazime, ndipo mu 2010 lidatulutsa mtolo wa pafupifupi 650 GB kuti aliyense wofuna asunge.

Koma musayembekeze zambiri. Makina ojambulawo amapeza tsamba potsata maulalo ochokera ku masamba ena, choncho tsamba lotchuka limajambulidwa kambirimbiri pomwe la kwaya ya ku Mchengautuba, limene palibe adaliloza, mwina silidajambulidweko. Likapezeka, kawirikawiri pamakhala tsamba loyamba lokha, zithunzi zili mabokosi opanda kanthu. Zimene zinkafuna pasiwedi kuti munthu azione sizijambulidwa. Kale anthu ankadaliranso kope limene Google inkasunga pa zotsatira zake, koma idachotsa zimenezi mu 2024. Kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2024 adapeza kuti 38 peresenti ya masamba amene adalipo mu 2013 sankatsegukanso patatha zaka khumi.

Anthu a mu Mzuzu akukumbukira moto umene udapsereza laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kupsa. Lidali tsoka lalikulu, komabe buku losindikizidwa limakhala ndi makope ena kwina, n'chifukwa chake abwenzi a sukuluyo adatha kusonkhanitsa mabuku ena n'kutumiza. Tsamba la munthu nthawi zambiri limakhala ndi kope limodzi lokha, lija la pa seva. Ndipo kwa zilankhulo zathu nkhaniyi imalemera kwambiri. Zolemba za Chichewa, Chitumbuka, Chitonga kapena Kyangonde pa intaneti n'zochepa kale, moti bulogu imodzi ya nthano kapena ya maulaliki ikasowa, palibe ina yofanana nayo yolowa m'malo.

Kope limene mwasunga nokha, lija akatswiri amati backup, ndilo lokhalo losadalira chisomo cha kampani. Pa Blogger mutha kutenga zonse kudzera pa Google Takeout. Pa WordPress pali batani la Export, koma dziwani kuti fayilo imene limatulutsa imakhala ndi zolemba, pomwe zithunzi zenizenizo muyenera kuzitenga padera. Pulogalamu yaulere ya HTTrack imakopera tsamba lonse monga likuonekera. Pa Wayback Machine palinso Save Page Now, pomwe mumapempha nokha kuti tsamba lanu lijambulidwe lero. Akatswiri amalangiza makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kwanu. Fulashi imodzi yoyenda nayo m'thumba kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, ndi mavairasi a m'makafe, si yokwanira.

Amene alibe webusaiti asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Ogulitsa ambiri a mumsika wa Mzuzu ndi ku Taifa malonda awo ali pa peji ya Facebook, pa WhatsApp Business kapena pa TikTok. Nawonso ndi malo aulere a mwini, ndipo kumeneko akaunti itha kutsekedwa kapena kubedwa kampani ili chiyendere.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la udindo wa kampani. Ena amati amene wapereka chinthu mwaulere sangakakamizidwe kuchipereka mpaka kalekale, ndipo lamulo lotere lingangochititsa kuti makampani asiye kupereka malo aulere, zomwe zingapweteke osauka omwewo. Ena amati kampani idapindula ndi zolemba za anthu kwa zaka zambiri kudzera m'zotsatsa malonda, choncho iyenera kupereka nthawi yokwanira, njira yosavuta yotengera katundu, ndi kope ku malo osungira zakale isanazimitse. Ngakhale titagwirizana ndi achiwiriwa, lamulo la Malawi lingaifikire bwanji kampani ya ku California imene ilibe ofesi kuno?

Lachiwiri ndi la amene ayenera kusunga. Ku France, pamene Skyblog inkatsekedwa mu Ogasiti 2023, laibulale yaikulu ya dzikolo idakopera mabulogu mamiliyoni. Ku Britain, kuyambira 2013 lamulo limalola malaibulale akuluakulu kusunga mawebusaiti a dzikolo monga amachitira ndi mabuku. Kwathu kuno wosindikiza buku amayenera kupereka kope ku National Archives ku Zomba. Kodi udindo umenewu ufike pa masamba a pa intaneti? Ngati ndi choncho, ndalama zake zichokere kuti, ndipo tsamba la Mmalawi limene lili pa blogspot.com osati pa .mw angalizindikire bwanji kuti ndi lathu?

Lachitatu limatsutsana ndi lachiwiri. Si onse amene amalira tsamba lawo likasowa. Munthu amene adalemba zachibwana ali ku sekondale, kapena adaika zithunzi za ana ake ndi nambala ya foni, mwina adapuma pamene kampani idazimitsa, kenako n'kupeza kuti ongodzipereka adakopera zonse osamufunsa. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lokhudza kasungidwe ka mbiri za anthu. Malire pakati pa kusunga mbiri ya mtundu ndi kulemekeza munthu wofuna kuiwalidwa akukambidwabe m'mayiko ambiri.

Ndiye pali nkhani ya imfa. Mwini tsamba akamwalira, domain imatha nthawi, khadi lolipirira limatsekedwa, ndipo akaunti yaulere imawerengedwa kuti yagona. Google ili ndi Inactive Account Manager, pomwe mumasankha wodzalandira zinthu zanu akaunti ikagona, Facebook imalola kusankha munthu wodzayang'anira akaunti, koma izi zimagwira ntchito bwino ngati mwini adazikonza ali moyo. Pamene achibale akhala pansi kugawa katundu wa malemu, ndani mwa iwo ali ndi ufulu wa pasiwedi, ndipo kampani ingamukhulupirire ndi umboni wotani?